Galimoto Yopita Kwathu

Chimene sindinamvetse mpaka lero pa munthu uyu n'chakuti anali wamantha. Ankaopa apolisi, ankaopa eni nyumba, ngakhale kasitomala womunyoza sankamubwezera mawu. Ndiye kaya mtima umene anaonetsa pamapeto pake anautenga kuti. Sindikunena kuti anachita bwino. Ndingofotokoza zimene zinachitika.

Pa mdadada wathu tonse tinkangomuti Firiji, popeza ntchito yake inali yokonza mafiriji. Analowa m'dziko lino pa galimoto ya malemu bambo ake, yakalekale, yobiriwira, chitseko chimodzi chomanga ndi waya, nambala yake ya kwawo. Anabwera ndi mkazi wake, mwana wamkazi, ndi mayi ake okalamba. Zaka zonse zimene iye anali mlendo, galimotoyo nayonso inali mlendo. Chilolezo cha galimotoyo chikatsala pang'ono kutha, ankapita nayo kumalire, n'kutuluka, n'kutembenuka, n'kulowanso ndi chidindo chatsopano.

Mayi akewo mutu unali utayamba kusokonekera. M'mawa ankakhala bwinobwino, kupinda zovala, kusewera ndi mdzukulu. Koma dzuwa likangopendeka ankamanga kamtolo n'kuima pakhomo.

"Tiyeni kwathu. Eni ake pano atopa nafe."

Mukawatsekera, ankamenya chitseko mpaka zikhatho kutupa. Mankhwala ake anali amodzi basi. Firiji ankatsika nawo masitepe, n'kuwakhazika pampando wakumbuyo, n'kuliza injini. Ankadutsa pamsika, pasitolo ya matayala, n'kuzungulira bwalo la mpira. Mayiwo ankasisita chikopa chong'ambika cha mpando, akulankhula ndi nkhongo ya mwana wawo ngati ndi amuna awo.

"Pang'onopang'ono, bambo. Mwanyamula ana."

Pobwerera pa mdadada womwewo ankatsika atakhutira kuti afika kwawo, n'kudya, n'kugona.

Kenako chinafika chimene banjalo linkapempherera: chitupa chowalola kukhala m'dziko lino mpaka kalekale. Mkazi wake anavina m'khichini ndi chikombe m'manja. Firiji anavala shati yoyera n'kupita ku ofesi ya za pamsewu kukafunsa za galimoto, akumwetulira ngati wokatenga mphatso.

"Bambo, inu simulinso mlendo," anatero kalaliki wa pawindo. "Ndiye galimoto yanu singakhale mlendo. Zopita kumalire zija zatha. Muilembetse kuno."

"Ndabwerera zomwezo, bwana."

Kalalikiyo anayang'ana chaka chimene galimotoyo inapangidwa, n'kupukusa mutu. "Yakalamba. Lamulo sililola kulembetsa yakale chonchi. Muitulutse m'dziko, kapena muipereke akaiphwanye."

"Koma imayenda bwino. Injini ndimaisamala ndekha, utsi situlutsa."

"Sindikukana. Koma mukagwidwa nayo pamsewu chilolezo chitatha, simutaya galimoto yokha. Chitupa chanu chatsopanocho chidzakhalanso pa mlandu. Wotsatira!"

Firiji anabwerera wapansi mtunda wina wake asanakumbukire kuti galimoto waisiya pa ofesi.

Anayamba ndi njira yolongosoka. Mnzake wina, makaniko wa pagalaja ya kuseri kwa msika, anamubwereka galimoto yabwino, yamipando yofewa. Mayi aja anangolowetsa mwendo umodzi, n'kununkhiza, n'kubwerera m'mbuyo. Atawakakamiza, anakuwa kuti akubedwa, ndipo asanafike n'komwe pamsika anatsekula chitseko galimoto ikuyenda. Firiji anawagwira chitenje ndi dzanja limodzi, linalo lili pachiwongolero.

"Achimwene, inunso mumavuta," anatero makanikoyo pomwe ankalandira makiyi. "Taonani zigoba za magalimoto zili mbweee kuseriku. Ndizule nambala pa chimodzi, ndimange pa galimoto yanu yokalambayo, nkhani yatha. Wapolisi wake uti angagwade kuti afufuze pansi pa chiphakasa ngati chimenecho?"

"Nanga akagwada?"

"Akagwada, simundidziwa, inenso sindikudziwani."

Firiji anayang'ana zigobazo. Anachoka osanyamula kanthu.

Chilolezo chitatha, anaganiza zoyendetsa galimotoyo m'kati mwa mpanda, poti m'menemo si mumsewu wa boma. Madzulo alionse ankazungulira pabwalo la mdadada, pakati pa zingwe zoyanika zovala ndi migolo ya zinyalala, giya yoyamba yokhayokha. Ana ankamuthamangira m'mbuyo. Amayi a pamwamba ankakuwa pawindo: "A Firiji, mukafika mutiimbire foni!" Iye ankangoweramitsa mutu.

Zinagwira ntchito masiku ochepa. Tsiku lina mayi aja anagwira phewa lake.

"Mgolo uwu tadutsa kale."

"Ndi wina, amayi."

"Ndi womwewo. Bambo, mwasochera, kapena simukufuna kuti ndikafike?"

Analira mwakachetechete, ndipo Firiji akanakonda akanakuwa. Kuyambira pamenepo chakudya chamadzulo ankachikankha. Mikono inayamba kuonda.

Kenako wina anakanena ku boma. Sitikudziwa kuti ndani, ngakhale mwini mdadada anali atadandaula kale za mafuta odontha pa simenti. Kunabwera munthu wa yunifolomu, anazungulira galimotoyo, namata chipepala chofiira pagalasi. Anati lole yokoka idzabwera kudzaitenga sabata ikubwerayo.

Firiji anabwereranso ku ofesi kuja. Anapita kwa wamkulu wa kalaliki, amene anamutumiza ku ofesi ya msonkho, kumene anamubweza ku za pamsewu. Paliponse ankayamba ndi mawu omwewo, chipewa chili m'manja: "Ndili ndi mayi anga odwala." Ena ankamumvera chisoni ndithu. Mayi wina anamuuza za nyumba yosungirako okalamba, kumene zitseko zimakhala zokhoma ndipo odwala amapatsidwa mapiritsi ogonetsa. Anathokoza n'kutuluka.

Tsiku lomwelo, iye ali kokonza firiji ya m'butchala, mayi ake anazemba. Anawapeza dzuwa likulowa m'mphepete mwa msewu waukulu, malole akuwomba mphepo pa iwo, nsapato imodzi itatayika, phazi likuchucha magazi, kamtolo kali pamutu. Anawabereka kumsana mpaka kunyumba. Anali opepuka ngati mwana.

Mkazi wake anawatsuka phazi, n'kulimanga, kenako anamukokera mwamuna wake m'khichini.

"Bambo a mwana, ndikuona zimene mukuganiza. Musayerekeze. Chitupa chija tachivutikira tonse. Ine ndakolopa m'nyumba za anthu mpaka mawondo kuda. Mukagwidwa, mwanayu sukulu akaphunzira kuti?"

"Ndiye ndiwatani?"

"Apongozi ndimawakonda, mukudziwa. Koma sakudziwaninso. Amakuyesani bambo anu."

"Ine ndiye ndikuwadziwa."

Mkaziyo anakhala pansi, n'kuphimba nkhope ndi nsalu yopukutira mbale.

Masana a tsiku loti mawa lake lole ibwera, Firiji sanapite kuntchito. Anathira madzi ndi oilo, napopa matayala. Chipepala chofiira chija anachinyowetsa n'kuchipala ndi mpeni. Anaika m'buti bokosi lake la zipangizo, mabulangete ndi chigubu cha madzi. Dzuwa litapendeka, mayi ake anaima pakhomo ndi kamtolo kawo.

"Tiyeni kwathu."

"Tiyeni, amayi."

Mkazi wake anawatsatira pamasitepe, mwana ali m'mbuyo mwake.

"Mukupita kuti?"

"Ndikukawasiya kwawo."

"Kwawo kuti? Nyumba munagulitsa. Kulibenso munthu kumeneko, inu!"

Firiji anawamanga lamba mayi akewo, natseka chitseko, napotokola waya uja. Anagwira mwana wake pamutu.

"Akabwera kudzafunsa, uwauze kuti ndinatenga ndekha, iwe unandiletsa. Usaiwale kunena zimenezo, amake mwana. Unandiletsa."

Injini inalira ulendo woyamba womwe. Pawindo panalibe amene anaseka. Galimotoyo inatuluka pageti mwapang'onopang'ono, n'kulowa pakati pa mabasi ndi njinga.

Mkazi wake anaimbira achibale akutali amene anatsala kwawo, koma anati sanamuone. Apolisi anati sanagwire galimoto yotero. Akumalire anati za anthu odutsa sauza munthu wamba. Iye ndi mwanayo akadali pa mdadada pano, ndipo mafiriji athu tsopano amakonza munthu wina.