Kachasu Amene Sindinamwe

Mpaka lero mtima umandiwawa ndikamadutsa pa tchalitchi chathu ku Chiringa. Ndinali mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ina yoyendera, ndipo ndinatopa n'kujambula DNA pabolodi, ana akungogwedeza mitu osatolapo kanthu. Ndinkafuna aione ndi maso awo.

Njira yake si yovuta. Umakanya nthochi yakupsa, n'kuthiramo madzi a mchere ndi sopo wotsukira mbale kuti maselo asweke. Ukasefa ndi kansalu, umatsanulira mowa waukali pang'onopang'ono m'mbali mwa galasi, DNA n'kuyandama ngati timaulusi toyera. Koma kusukulu kwathu kunalibe sipiriti, ngakhale labu imene. Ndiye ndinapalasa njinga kupita kwa mayi wina wotcheza kachasu, n'kugula kabotolo ka mutu, woyamba kudontha uja.

Potuluka pakhomopo ndinakumana ndi mkulu wa mpingo. Anayankha moni wanga maso ali pabotolo.

Lamlungu lotsatira anandiitanitsa kubwalo la akulu. Ndinanyamula nthochi, mchere, sopo ndi kabotolo komweko, poganiza kuti akaona amvetsa. Kupusa kwanga! Ndinachita zonse patebulo iwo akuonerera, ulusi woyera n'kukwera bwinobwino. Ndinauwola ndi kamtengo n'kuwaonetsa.

"Aphunzitsi," anatero mkulu uja, "ife sitikufunsa za mamina a nthochiwa ayi. Pakhomo paja munalowa kapena simunalowe?"

"Ndinalowa, bambo, koma sindinalawe ngakhale dontho."

"Ndiye lero mowawo mwaubweretsanso m'nyumba ya Mulungu."

Anandiimitsa miyezi isanu ndi umodzi, osadya mgonero, osavala yunifolomu ya amayi a mpingo. Ena mwa oweruzawo ndinkadziwa bwino kumene amakaphera ludzu tsiku la msika, koma palibe anatsokomola n'komwe. Ndinatola zinthu zanga n'kutuluka mwaukali.

Mwezi wachinayi wa chilangocho mayi anga anamwalira. Ndiwo anandisokera bulauzi yanga yoyera ndi manja awo pamene ndinkalowa m'gululo. Ndinapita kwa akulu aja, ndinagwada, kupempha kuti andilole kuivala tsiku limodzi lokha. Anati lamulo ndi lamulo.

Amayi anzanga anabwera atavala zoyera, n'kuzungulira bokosi akuimba. Ine, mwana wa malemuwo, ndinawaperekeza kumanda ndili kumbuyo kwa mzere, nditavala chitenje wamba ngati munthu wongodutsa.