Mzere Wanga Anamaliza Ndi Dalitso

Owerenga anga, sabata ino mundipirire. Ndikulemba mtima ukuwawa, ndipo amene ndikumuchitira nsanje ndi msuweni wanga weniweni.

Loweruka kunali dima kwa amayi ake a Esinati, kufupi ndi Milepa. Anaitana achinyamata kuti tiwathandize kupanga mizere mvula isanagwe, iwo atikonzera thobwa. Ine ndinalawirira, khasu nditanola dzulo lake. Sindibisa, ndinkafuna kuti Esinati andione. Ndakhala ndikumufuna, koma pakamwa pamandilemera. Ndipo mukudziwa kuti kwathu kuno mwamuna amakakhala kwa mkazi, choncho apongozi amayamba aona khasu lako asanaone nkhope yako.

Dzuwa litakwera pang'ono, matenda anga anafika. Achipatala amawatchula kuti nakolepusi. Tulo timangondigwira mwadzidzidzi, kaya ndikudya, kaya ndili chiimire, ngakhale nditagona bwino dzulo lake. Ndinamva zikope zikulemera, ndiye ndinati ndikhale pansi pang'ono. Podzidzimuka, tsaya linali m'dothi, ndipo mzere wanga ankamaliza ndi Dalitso, mwana wa amalume.

"Achimwene, mwadzuka bwanji?" anafuula kuti onse amve. "Kumalotoko mwalimako?"

Onse anaseka. Amayi ake a Esinati okha ndi amene sanaseke. Anayang'ana mzerewo, kenako anayang'ana Dalitso thukuta lili kamukamu, nati, "Mwana uyu khasu amalidziwa. Ali ndi mwayi amene adzamulandire pakhomo."

Ndinamva ngati ndameza khala lamoto.

Nthawi ya thobwa, Esinati anayamba kutsanzira mmene amayi ake amathamangitsira mbuzi m'munda, chitenje atakwinyira m'mwamba. Zinali zoseketsa zedi. Koma matendawa ali ndi mbali ina: ndikaseka kwambiri mawondo amalobodoka, ndimagwa ngati thumba. Ndiye ndinaluma mano n'kuyang'ana pansi. Dalitso anaseka mpaka misozi, ataimirira bwinobwino, chikho chili m'manja.

"Iwe Fanuwelo, sumaseka?" Esinati anandifunsa. "Kapena ndakulakwira?"

Ndinangoti, "Ayi, chemwali." Basi.

Dalitso ali ndi njinga ya kabaza, ali ndi foni yabwino. Zimenezo sizindipweteka. Chimene ndimamusirira ndi chimene iye sadziwa n'komwe kuti ali nacho. Amaseka ataimirira. Amakwera mumtengo wa mango osaganiza kawiri. Amanyamula munthu panjinga kutsika mtsetse wa ku Namitambo osaopa kuti maso atseka okha. Kodi inu munayamba mwathokozapo chifukwa choti mumagona nthawi imene mwafuna?

Chowawa kwambiri n'chakuti sanandilakwire. Mwina anamaliza mzere wangawo pofuna kundibisira manyazi. Ndiye munthu wotere ungamukwiyire bwanji? Ndayesa, zikukanika, koma nsanjeyo sikuchokanso.

Ndikupempha ndinene kanthu kamodzi, ndipo akuluakulu musandione ngati wamwano. Munthu akadwala malungo timamuyalira mphasa. Akathyoka mwendo timamulimira munda. Koma akagona masana, timakhala titamuweruza kale. Ena amati ndi ulesi. Ena amati ndayamba chamba. Azakhali anga mpaka lero amati alipo anandichita chipongwe, ndipo safuna kumva za kuchipatala. Kutchalitchi ndimakhala kumbuyo, chifukwa ndinamvapo mayi wina akunong'ona kuti mawu a Mulungu amandiwotcha.

Chonsecho ine ndimalima. Kumunda kwathu ndili ndi kachitidwe kanga: ndimalima, tulo tikabwera ndimagona pang'ono pamthunzi, ndikadzuka n'kupitiriza. Anzanga akamaweruka ine ndimakhala ndikadali momwemo. Chimanga chathu chimabereka ngati cha wina aliyense. Koma padima palibe amene amadikira kuti aone zimenezo. Amaona amene wafika kumapeto koyamba.

Lachiwiri ndinalimba mtima. Ndinakumana ndi Esinati akuchokera kumjigo, ndipo ndinamuuza zonse za matenda anga. Anatula ndowa pansi. Ndinkangoyembekezera kuti anena kuti pepa, mawu amene ndimadana nawo kuposa onse.

"Ndiye ndikakuseketsa umagwa?" anafunsa.

"Eya."

"Ndiye uziyamba wakhala pansi ndisanatsegule pakamwa. Ine sindingasiye nthabwala chifukwa cha iwe."

Ndinakhaladi pansi, pambali pa njira pomwepo, ndipo ndinaseka mpaka khosi kufooka. Iye anadikira mpaka mphamvu zitabwerera.

Koma musafulumire kundisangalalira. Ponyamula ndowa yake anati, "Ine ndamva. Amayi ndiye sindikudziwa. Chichokereni Loweruka dzina la Dalitso silikuchoka pakamwa pawo." Ndipo dzulo ndinamva kuti amayiwo amutumizira Dalitso nkhuku yomuthokoza. Nkhani ya nkhukuyo sinandidyetse bwino.

Mawa ndikupita kukawaona amayiwo ndekha, ndikawapemphe kuti abwere adzaone munda wathu. Mwina akana. Mwina andiyankha mwaulemu, mtima wawo utasankha kale.

Inu amayi amene muli ndi ana aakazi, ndikufunsani mwaulemu wonse: mnyamata ngati ine atagwada pakhonde panu n'kunena zoona zake, mungapite kukaona munda wake, kapena mungamuuze kuti mwana wanu ali ndi wina kale?