Maso a Meya

Fungo la fodya amene akuuma m'chigafa limandibwezera kwathu ku Ngauma, m'mwezi wa Marso, mvula itayamba kugwa modumphadumpha. Ndi fungo lokoma pang'ono koma loyabwa kukhosi, ndipo linkalowa paliponse, m'mabulangete, m'tsitsi, ngakhale m'makope a kusukulu. Bambo ankathyola masamba m'mawa, ife n'kumasoka ndi kupachika pa mikangala mpaka msana kuwawa. Zala zinkada ndi utomoni umene sopo ankaulephera. Udzu wa m'mbali mwa njira unkandipitirira msinkhu, ndipo chimanga chinali chitafika pootcha.

Chaka chimene ndikunenachi ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Panyumba tinalipo anayi: bambo, mayi, ine Luzia, ndi mlongo wanga Zakaria amene anali akadali kubere. Wachisanu anali galu wanga Meya. Bambo anabwera naye kuchokera ku Mandimba ali kamwana, atamuika m'dengu kumbuyo kwa njinga. Anali wofiirira thupi lonse koma mapazi onse anayi oyera, ndiye poti masokosi kwathu timati meya, dzina linangobwera lokha. Ankandiperekeza kusukulu mpaka pamtsinje, n'kukhala pamenepo kundiyang'ana mpaka nditabisika. Ndinkamukonda kuposa mmene ndinkakondera Zakaria, ndipo sindinkabisa.

Koma Meya anali ndi khalidwe limodzi loipa. Ankadya chimanga chachiwisi. Ankaluma phesi, n'kuligwetsa, n'kusenda chimangacho ndi mano bwinobwino. Munda wathu sankaukhudza, mwina poopa bambo. Ankapita kwa Che Musa, aneba athu a tsidya la kanjira, amene munda wawo unkafika mpaka pakhomo. Tsiku lina Che Musa anabwera, naima m'mphepete mwa bwalo patali ndi galuyo, monga ankachitira nthawi zonse poti iwo ndi Asilamu. Anayala pansi zitsononkho zitatu zotafunidwa.

"Bambo a Luzia," anatero akumwetulira, "wantchito wanuyu wayamba kukolola eni munda tisanalawe."

Bambo anachita manyazi kwambiri. Kwathu nkhani yotere inali ndi mankhwala amodzi okha: galu amamangidwa mpaka chimanga chiume. Ena ankamangirira mwendo wakutsogolo m'khosi kuti galu aziyenda chotsimphina, koma bambo anati zimenezo ndi nkhanza. Anatenga chingwe cha khonje, namumangirira Meya pa mtengo wa papaya pakati penipeni pa bwalo. Anandiuza kuti azikhala pomwepo, ndipo sananene chifukwa chake. Bambo sanali munthu wofotokoza zifukwa.

Bwalo lathu linali loyera mbee. Mayi ankalisesa kawiri pa tsiku, ndipo udzu ukangotulukira pafupi ndi khoma ankaupala ndi khasu. Imeneyi inali nyengo ya njoka. Achule anali mbwee, makoswe ankathamangira kunkhokwe, ndipo njoka zinkawatsatira. Mayi akadzuka ankayamba azungulira nyumba akuyang'ana pansi, chifukwa pa dothi losesa njoka ikadutsa imasiya mzere. Nsapato tinkakutumula tisanavale. M'chisa cha nkhuku sitinkapisamo dzanja tisanasuzumire. Zakaria sankagonekedwa pafupi ndi khoma kapena mulu wa nkhuni. Malamulo onsewa ndinkawadziwa pamtima, koma ndinkaona ngati ndi a anthu okha, galu sakumukhudza.

Mthunzi wa papaya ndi wachabechabe. Dzuwa likafika pamutu unkatsala kadontho, ndipo Meya ankazungulira mtengowo lilime lili panja, akulira motsitsa. Madzi ndinkamuikira m'chigoba, koma kulirako kunkandidya mtima. Ndiye ndinapeza nzeru yanga. Kuseri kwa nkhokwe kunali mulu wa mitengo ndi udzu wakale umene bambo anafolola pa chigafa cha chaka chatha, akuti adzaugwiritsa ntchito. Malowo anali ozizira, achinyezi, onunkha bowa. Ndikaweruka kusukulu, makolo ali kumunda kapena kuchitsime, ndinkamumasula Meya n'kukamumangirira pa mwendo wa nkhokwe, pafupi ndi muluwo. Ndikaona kuti atsala pang'ono kubwera, ndinkamubwezera papapaya. Masiku anayi zinayenda bwino, ndipo ndinkadziona wochenjera.

Tsiku lachisanu mayi anapita kuchitsime cha kudambo, Zakaria ali kumsana. Ine ndinali m'chigafa ndikusoka fodya pamene ndinamva Meya akuuwa. Sikunali kuuwa kwa mlendo. Kunali kwafupifupi, kothamanga, kenako kunasanduka kulira kumene sindinamvepo. Ndinathamangira kuseri kwa nkhokwe. Mamba, njoka ija yolavula m'maso, inali itaimika mutu pamphepete pa mulu, khosi litatambasuka ngati chipande. Meya ankakoka chingwe chammbuyo, akupukusa mutu, koma chingwecho chinali chitathera pomwepo. Galu womasuka akanathawa pa malovu oyamba. Iye analavulidwa kachiwiri ine ndikuona.

Ndinakuwa. Sindikudziwa kuti mayi anafika nthawi yanji, ndinangomva akundikoka diresi mpaka ndinagwa chagada. Anatula chigubu, namuika Zakaria m'manja mwanga, nandiuza kuti ndipite naye pakati pa bwalo. Anaponya chikuni, njoka ija n'kulowa m'mulu. Kenako anatenga lichero, natchinga nalo kumaso, nagwada pa mwendo wa nkhokwe. Anatenga kanthawi akulimbana ndi mfundo ya chingwe ndi dzanja limodzi. Atamasula anamukwekwesa Meya mpaka poyera.

Aliyense kwathu ankadziwa kuti munthu akalavulidwa ndi mamba, mayi woyamwitsa amamufinyira mkaka wa m'mawere m'maso. Ndinali nditazimva kambirimbiri. Ndiye ndinawagwira mayi kapulana, nsalu yawo ya m'chiuno, ndikulira, kuwapempha kuti amufinyire Meya.

"Mkaka wa Zakaria ndipatse galu?" anatero. "Khazika mwanayo pamphasa, ugwire mutu uwu."

Anamumanga Meya kukamwa ndi kansalu kuti asalume, namupana ndi mawondo. Ine ndinagwira makutu. Mayi ankatsegula chikope ndi zala, n'kumathira madzi ndi chikho, diso ili, kenako linalo, osapumira. Chigubu chimene anachokera nacho kudambo chinatha. Anatenga mtsuko wa madzi akumwa, nawonso unatha. Abiti Saidi, akazi a Che Musa, anali atamva phokoso. Anabwera ndi ndowa yodzaza, naitula pafupi ndi mayi, n'kubwerera kukaima patali. Tinathira imeneyonso. Pansi panasanduka matope, Zakaria akulira pamphasa, ine ndikubwerezabe za mkaka. Mayi anangopitiriza kuthira madzi.

Bambo atafika kuchokera kumunda anamuyang'ana galuyo nthawi yaitali. Maso onse awiri anali atatupa, osatseguka. Ananena mosakweza mawu kuti galu wosaona sitingamusunge, ndipo timupatsa masiku atatu. Ndinadziwa tanthauzo lake, chifukwa ndinali nditaonapo anthu akupita ndi galu kuthengo n'kubwerako ndi chingwe chokha. Kenako bambo anafunsa funso limene ndinkaliopa, kuti galu womangidwa papapaya wakapezeka bwanji kuseri kwa nkhokwe.

"Chingwe ndamasula ndine," anatero mayi. "Inu kaphwasuleni mulu wanu uja. Mwanayu ayamba kukwawa posachedwa."

Bambo sanafunsenso. Iwo ndi Che Musa anatenga nsungwi zazitali, nayamba kukankha mitengo ija umodziumodzi, nkhope atatembenuzira kumbali. Munatuluka makoswe, ena ali ndi ana. Njokayo inapezeka pansi penipeni, ndipo anaipha. Udzu wonse anaukokera kutali ndi chigafa, kumene mphepo siikanabweretsa utsi pafodya, n'kuutentha. Che Musa pochoka anati sanafune kuti chimanga chawo chifike pamenepa, ndipo bambo anawayankha kuti mlandu si wawo.

Masiku atatu amenewo sindinapite kusukulu. Meya anagona pakhonde, pa thumba lakale. Mayi ankawiritsa madzi, akazizira n'kundipatsa ndi kansalu koyera, ine n'kumapukuta mafinya m'maso mwake m'mawa, masana ndi madzulo. Phala ndinkamudyetsa ndi dzanja. Madziwo ndinkalandira, koma mayi sindinkawalankhula. Mumtima ndinali nditagamula kale kuti Meya akafa, amupha ndi iwo pomumana mkaka. Za chingwe ndinkayesetsa kusaziganiza, ndipo poti palibe amene anazitchula, zinayamba kuoneka zazing'ono.

M'mawa wa tsiku lachitatu diso lakumanzere linatseguka pang'ono. Bambo anatenga chidutswa cha chinangwa chophika, naima patali, nachikweza m'mwamba osalankhula. Meya anapendeketsa mutu, natsatira dzanja lawo uku ndi uku. Atachiponya, anadzuka napita pomwe chinagwera. Ine ndinangokhala pansi.

"Limodzi likwana kuonera akuba," anatero bambo, nanyamula khasu.

Diso lakumanja linatuwa ndipo silinaonenso. Meya anakhala nafe zaka zina zisanu ndi chimodzi, akuyenda chopendekera, ndipo ukamudzera kumanja ankadzidzimuka. Nyengo ya chimanga ikafika bambo ankamumangira kamsasa ka udzu pakati pa bwalo. Ine ndinapitiriza kuuza anzanga kuti galu wanga anafa diso chifukwa mayi anaumira mkaka, ndipo ndinazinena kambiri mpaka ndinazikhulupirira ndi mtima wonse.

Pano ndimakhala ku Cuamba, ndili ndi ana anga ndi galu wanga. Namwino wina amene timapemphera naye anandiuza kuti pa malovu a mamba palibe choposa madzi ambiri othira nthawi yomweyo, kenako kuthamangira kuchipatala. Mayi atabwera kudzationa chaka china, tili pakhonde tikusankha nyemba, ndinawauza zimenezi, n'kupepesa kuti ndinawada popanda chifukwa. Kenako ndinayamba kuulula za kuseri kwa nkhokwe. Sanandilole kumaliza.

"Mfundo ija ndinaidziwa," anatero. "Ndi ija ndinakuphunzitsa yomangira nkhuni."

Ndinawafunsa chifukwa chimene sananenere, zaka zonsezi.

"Ukanayamba kudzida wekha, galuyo akanamupukuta maso ndani?"

Ndili mwana ndinkaona kuti tsiku lija mayi anandikaniza chinthu chimodzi chimene ndinawapempha. Sindinkaona kuti anagwada pafupi ndi njoka chifukwa cha galu wanga, nathira pansi madzi onse a tsikulo, n'kusenza mkwiyo umene unali woyenera kugwera ine. Diso limene Meya anatsala nalo linali la mayi. Linalo ndinamutayitsa ndine, pomufunira mthunzi.