Kandege Kanu Katera Bwino, Achimwene

Achimwene a Lameki, lero madamu aja tinkawagwirira ntchito ku Bin Omran, kunja kuno, anditumizira vidiyo. Kandege kamene bwana ankapanga m'galaja kauluka, ndipo katera bwinobwino. Mukukumbukira nthawi ya lokidawuni ija? Inu dalaivala munalibe kopita, bwana n'kukusandutsani makaniko. Injini yeniyeni ya ndege inakanika kubwera chifukwa cha Covid, ndiye munagwirizana zoikamo ya galimoto. Tsiku loiyesa munamangirira mchira wa kandegeko ku mtengo wa kanjedza ngati mbuzi, kuti kasathawire kutsogolo. Ine n'kuti ndikuyanika zovala chakumbuyo kwake. Bwana anati "Yalla," kutanthauza kuti "tiyeni," injini n'kulira. Koma poti inkazungulira mosemphana ndi ya ndege, kandege kanabwerera chambuyo n'kugwetsa zovala zonse za madamu. Bwana atazimitsa, munandiyang'ana thukuta lili kamukamu, n'kuti, "Chemwali, izi musakawauze kumudzi. Mudzawauze kakadzauluka."

Covid inakutengani pulopela yatsopano, chopukusa mphepo chogwirizana ndi injini ya galimotoyo, isanafike. Malamulo a ntchito atasintha ndinakayamba ntchito ku hotela, koma mantha ndinapita nawo. Ndinkaopa kuti injini imene munamanga ndi manja anu idzapha munthu, anthu n'kumatchula dzina lanu inu mulibe pakamwa podziyankhira. Lero mtima wanga wakhala pansi. Ndaonera vidiyoyo mobwerezabwereza, mpaka ndaona kuti pampando wachiwiri bwana anamangirirapo chipewa chanu chija munkavala m'galaja. Tsopano ndiwaimbira kumudzi, achimwene. Ndiwauza kuti kanapita kutsogolo.