Tsiku Limene Amayi Anapeta Kompyuta

Kansalu kobiriwira kamene amayi analuka ndimakaonabe m'maso mwanga. Ankafunditsira kompyuta ya ku ofesi ya sikimu ya mpunga ku Karonga, kumene ankagwira ntchito yotaipa. Kompyutayo inali imodzi yokha, ndipo amene anatumizidwa ku Lilongwe kukaiphunzira anali amayi anga. Ndinkauza aliyense kusukulu, ngakhale amene sanandifunse.

Inali nyengo yokolola, ine ndili sitandade folo. Ndikaweruka ndinkakhala pakhonde la ofesiyo, pamene pankanunkhira mpunga watsopano ndi thukuta. Alimi anali ndi mwambo wawo. Aliyense ankabwera ndi mpunga wodzaza dzanja n'kuuthira patebulo kuti a muofesi aone mmene wachitira. Ankati "Ndaga", moni wa kumeneko, n'kuthira patebulo lililonse limene layandikira, ngakhale la amayi.

Masana ena amayi atayatsa, makinawo analira n'kulemba 301 pagalasi, basi osapitirira. M'kati mwake munali mawu amene bwana wa sikimu ankayenera kuwerenga polandira mkulu wa chipani mawa lake masana. Bwanayo, munthu wa ku Dedza, anangoti, "Mayi, akafunsa, amene amagwira makinawa ndinu." Lero ndimati kumeneko kunali kusamba m'manja, ngakhale mantha ake ndimawamvetsa. Masiku amenewo chinthu cha boma sichinkawonongeka chokha, ankafuna munthu wochiwononga woti akamutsekere.

M'mawa mwake kusukulu sindinapite, amayi anati nditsagane nawo. Ananyamula chikwama chofufuma kuposa masiku onse. Anabweranso amalume, okonza mawailesi pamsika, atatenga sikuludiraiva, okonzeka kung'amba mimba ya makinawo.

"Lekani, achimwene, si wailesi iyi," anatero amayi.

Anakumbukira kuti kumaphunziro aja a ku Lilongwe anawauza kuti nambala imeneyo imaloza ku kiyibodi, thabwa la mabatani lija. Anazula chingwe chake, kuuzira, kubwezera, kuyatsa. Nambala ija inabweranso. Anathimitsa, natiuza tonse kuti tikhale chete, ngakhale bwana. Kenaka anayamba kudina mabatani limodzilimodzi, khutu ali nalo pafupi. Onse ankati "tha" n'kudzuka. Limodzi la m'mphepete linangokhala pansi, losadzuka.

Amayi ananyamula kiyibodiyo ndi manja awiri, kuitembenuza, n'kuyamba kuigwedeza ngati lichero. Bwana anagwira mutu. Panagwa fumbi, mankhusu, kenaka njere imodzi ya mpunga wosapuntha inati go patebulo. Atayatsanso, zilembo zobiriwira zinayenda mpaka pansi, ndipo makina osindikizira anayamba phokoso lawo lokhala ngati la macheka.

Amalume anatola njereyo naseka mpaka misozi. "Nayo imadya Kilombero!" Ine ndinanyada tsiku limenelo, ndipo ndimanyadabe. Kuyambira pamenepo a muofesi anawaikira alimi lichero pakhomo loti azithiramo.

Pobwerera ndinalimbikira kunyamula chikwama chija, kuti anthu aone kuti ndine mwana wa yani. Kunyumba amayi anachikhuthula pabedi. Munali zitenje ziwiri, sopo, mswachi ndi Baibulo. Ndinawaseka, ndikuti ankafuna kukasamba ku ofesi kodi. Sanaseke. Anangondituma kwa amalume kuti ndikatenge yunifolomu yanga ndi bulangete, zimene anali atakasiya kumeneko m'mamawa. Ndinathamanga ndikuimba, ndikungodabwa kuti munthu wanzeru ngati amayi angasokoneze bwanji zovala za mwana wake.