Mpopi wa Azakhali Genoveva Wakwera M'mwamba

"Ine ndikaime pamwamba pa mutu wa apongozi anga? Iwe, nzeru unaziiwala ku Durban?"

Amenewo anali azakhali Genoveva akundikalipira. Ndinali nditangobwerera kwathu ku Munhava, dera la mumzinda wa Beira, kuchokera kotsuka mbale za m'mahotela a ku Durban, ntchito ndikuifunafuna osaipeza, ndipo chilichonse mu Beira chinkanditopetsa: matope, udzudzu, malonje osatha.

Azakhali anayamba kuyang'anira mpopi wa m'dera lathu ine ndili mwana. Amatsegula, amatseka, amaleretsa ndewu za pamzere, ndipo chimwalirireni amuna awo ntchito imeneyi ndiyo imawadyetsa. Koma dzinja lililonse madzi osefukira ankamiza mpopiwo, zonyansa za m'zimbudzi n'kulowa m'mapaipi, kolera n'kutipeza. Ndiye kampani ya madzi inamanga nsanja ya konkire yaitali kuposa munthu, ya masitepe, n'kuika mpopi pamwamba. Inalamula kuti woyang'anira azikhala pamwamba pomwepo, akalephera ilemba wina.

Vuto linali agogo Chapepa, apongozi awo aamuna, amene ankasoka nsapato pansi pa mtengo wa mango, pafupi penipeni ndi nsanjayo. Kwathu mtengwa saima pamwamba pa apongozi. Azakhali ngakhale powapatsa madzi akumwa amagwada.

"Nkhani yaing'ono iyi," ndinatero ine. "Agogo, samukirani kuseri kwa msika."

"Anthu anga amandipeza pano," anayankha osadzutsa mutu. "Iwe unasamuka, wabwera ndi chiyani? Ndolo kukhutu ngati mtsikana."

Azakhali anayesa kutsegula mpopi ali pansi, ndi nsungwi yaitali yomangirira waya kunsonga. Kutsegula inkatsegula, kutseka inkakana. Kapitawo wa kampani anapeza madzi akutsika m'masitepe ngati mathithi, ndipo anawauza kuti akadzawapezanso pansi, makiyi abweze.

M'mawa mwake ndinaona azakhali akugwada patsogolo pa agogo.

"Bambo, sindimafuna kukuuzani. Koma amayi a pamzerepa akuti inu simungakwere apo. Akuti maondo anatha kalekale."

"Wanena ndani?"

"Onse, bambo. Mpaka Ermelinda wa makala uja."

"Ermelinda? Amene ndinamukana chifukwa cha mapazi ngati khasu?"

Agogo anaimirira, kampando m'khwapa, bokosi la misomali m'manja. Anakwera akutukwana sitepe iliyonse, mzere wonse ukuimba nthungululu. Atakhala pampando wawo pamwamba, azakhali anawatsatira chowerama, n'kuyala chitenje pakonkire, n'kukhala pansi pafupi ndi mapazi awo. Mutu wawo unalekeza m'chiuno mwa apongozi. Anatsegula mpopi.

Kapitawo atabwera anafunsa kuti mkuluyo akutani pamalo a kampani.

"Akuthandiza kuti nsanja isapite ndi madzi," anatero azakhali. Kapitawo anayang'ana agogo, agogo anamuyang'ana nsapato.

"Chidendene chako chatha, mwana iwe. Vula."

Anavula.

Madzulo agogo analephera kutsika. Maondo anali atauma ngati nkhuni, ndipo amene anawabereka kumsana ndi ine, akundikoka ndolo kuti ndisathamange.

"Mawanso ubwere molawirira," anatero azakhali. "Ntchito unkaifuna ija waipeza."

Popita kunyumba anaima pa kagolosale ka pakona, nagula kachitini ka mafuta opaka maondo. Anakamanga pansonga ya chitenje, tinapitiriza ulendo.