Denga Latsika, Dalaivala Sakulowa

Mwaswera bwanji nonse?

Ine ndatopa. Kagalimoto kamalata kaja anandiuza kuti ndiwapangire a Phiri, a shopu ku Lizulu, lero ndakatsitsa denga monga anafunira. Ndadula mizati, ndalumikiza, zala zatupa. Kakongola ngati za m'magazini a galimoto ndimawerenga aja.

Koma ndinaiwala chidole cha dalaivala chimene ndinasema chofanana ndi iwowo, ndevu zomwe. Mutu ukugunda denga, sichikulowa. Kuwerenga konse kuja, kuyeza osayeza!

Mayi akunyumba akuti, "Bambo, ingochifupikitsani khosi."

Ndati, "Mayi, nkhope ya munthu wamoyo? Akadzuka khosi likuwawa, anthu sadzati tawalodza?"

Akubwera mawa kudzakatenga. Abale, ndiboole denga mutu utulukire kunja, kapena a Phiri aziyenda wapansi?